Kusunga katundu wa makolo pamene akusamukira ku nyumba za opuma pantchito ku Britain

Amalawi ambiri amene anafika ku Britain zaka makumi angapo zapitazo tsopano afika pa msinkhu woti masitepe a m'nyumba yawo yakale akuwapweteketsa mawondo, ndipo ena akusamukira ku nyumba zomangidwira anthu achikulire, zimene kuno amazitcha retirement housing kapena sheltered housing. Nyumba zimenezi, kaya ndi za khonsolo, za mabungwe monga Anchor, kapena zogulitsidwa ndi makampani monga McCarthy Stone, kawirikawiri zimalandira anthu oyambira zaka 55 kapena 60, ndipo zambiri ndi mafulati a chipinda chogona chimodzi kapena ziwiri. Katundu amene anadzaza nyumba ya zipinda zitatu pamodzi ndi galaja yake sangakwane m'malo otere. Apa ndi pamene mabanja ambiri amaganiza zochita lendi chipinda chosungiramo katundu, chotchedwa self-storage, ku makampani monga Safestore, Big Yellow kapena Shurgard.

Chipinda chotere muzichiona ngati nkhokwe, imene munthu amaikamo chimanga akudziwa kuti azitapamo mpaka chithe. Ntchito yake ndi kupatsa makolo mpata wosankha modekha, osati pa tsiku la msamuko pamene galimoto ikudikira panja ndipo aliyense mtima uli m'mwamba. Chikasanduka malo oiwalamo katundu, chimadya ndalama za penshoni mwezi ndi mwezi popanda phindu lililonse. Choncho musanasaine kanthu, gwirizanani pabanja za mwezi umene mudzabweze chipindacho, ndipo miyezi isanu ndi umodzi imakwanira mabanja ambiri.

Yambani ndi nyumba yatsopanoyo, osati yakale. Pemphani pulani ya fulatiyo, pitani ndi tepi yoyezera, muyeze zitseko, chikepe ndi khoma limene bedi lidzatsamire, ndipo musaiwale kusiya njira yotakasuka yoti munthu adutse ndi ndodo kapena njinga ya olumala, ngakhale lero akuyenda bwinobwino. Mukadziwa zimene zilowe, zotsalazo ndiye muzikambirane, ndipo mwini mawu akhale mwini katundu. Pamene tinkathandiza azakhali anga kusamuka, ine ndinali nditaika kale makina awo osokera a Singer pa mulu wa zopatsa anthu, poganiza kuti munthu wa maso ofooka sadzasokanso. Iwo anasisita chivundikiro cha makinawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wa achimwene anga, amenewa ndi amene anaphunzitsa ana anga onse sukulu." Makinawo anapita ku chipinda chosungira, ndipo patatha miyezi inayi anawapereka okha kwa mdzukulu wawo, mosakakamizidwa ndi munthu. Katundu woyenera kusungidwa ndi wotere: amene mtima sunamasuke naye, amene ana okhala kutali adzabwera kudzatenga, ndi mipando imene simukudziwa ngati ikwane. Sofa yong'ambika ndi mapoto obooka musawalipirire lendi.

Zipindazi kuno amaziyeza m'masikweya fiti. Cha masikweya fiti 25 chimalowa makatoni ndi timipando tochepa, cha 50 chimayerekezedwa ndi katundu wa fulati ya chipinda chimodzi, pamene cha 75 mpaka 100 chimayerekezedwa ndi wa nyumba ya zipinda ziwiri. Popeza zofunika kwambiri zikupita ku nyumba yatsopano, mabanja ambiri safunika chachikulu. Kumbukiraninso kuti zipindazi n'zazitali kupita m'mwamba, moti makatoni olimba ofanana kukula amasanjikizana bwino. Pitani mukachione ndi maso musanalipire.

Pa nkhani ya mtengo m'pamene pamafunika kufatsa kwambiri. Makampani ambiri amakopa anthu ndi mtengo wotsika wa masabata oyamba, kenaka mtengo weniweni umayamba, ndipo mgwirizano umawalola kuukwezanso akangokudziwitsani. Funsani kuti mudzalipira zingati pamwezi kuchotserako kukatha, ngati mtengowo ukuphatikiza msonkho wa VAT umene ndi 20 peresenti, ndiponso ngati amawerengera pamwezi kapena pa masabata anayi alionse, chifukwa njira yachiwiriyi imatanthauza kulipira maulendo 13 pachaka osati 12. Funsaninso za masiku amene muyenera kuwachenjeza musanachoke. Pamwamba pa lendi pamakhala inshuwalansi ya katundu, imene makampani ambiri amafuna kuti ikhalepo, ndipo nthawi zina imatsika mtengo mukaigula kwina. Kawirikawiri loko mumagula nokha. Mukapeza zonsezi, werengerani ndalama ya chaka chathunthu, muiyerekeze ndi mtengo umene katunduyo angagulidwe lero. Kawirikawiri masamu amenewa okha amachepetsa mulu wa zosunga.

Sankhani malo oyandikira nyumba yatsopano ya makolo, osati oyandikira kwanu, kuti iwo athe kukafikako akafuna jekete la nyengo yozizira kapena mbale za alendo. Chipinda cha pansi, chapafupi ndi khomo, pamalo owala bwino ndiponso okhala ndi tingolo tokankhira katundu, n'choyenera ngakhale chitakwerako mtengo pang'ono. Makontena achitsulo oikidwa panja amatsika mtengo, koma m'nyengo yozizira ya kuno amachita thukuta m'kati, ndipo chinyezi chimenecho chimabweretsa nkhungu pa matiresi, mabuku ndi zitenje. Katundu wansalu, wamapepala ndi wamatabwa amafuna chipinda cha m'kati mwa nyumba youma.

Polongedza, chapani ndi kuumitsa zovala zonse kuti njenjete zisapeze poyambira, ndipo furiji muizimitse, iume, muisunge chitseko chili chotsekula pang'ono. Mabuku aikeni m'timakatoni ting'onoting'ono kuti msana usathyoke. Lembani nambala ndi zimene zili m'kati pambali pa katoni iliyonse ndi zilembo zikuluzikulu zoti maso okalamba awerenge, jambulani zithunzi pa foni, ndipo mndandanda wonse ukhale m'kope limodzi limene makolo azisunga okha. Siyani kanjira pakati pa chipinda, zofunidwa msanga zikhale kukhomo. Chakudya sichiloledwa, ndipo apa ndikunena ngakhale ufa, nyemba ndi usipa wouma zimene wina anabwera nazo kuchokera kumudzi, chifukwa zimaitana makoswe. Mabotolo a gasi, petulo ndi penti nazonso n'zoletsedwa. Pali zina zimene lamulo la kampani silikana koma nzeru imakana: mapasipoti, wilo, zikalata za nyumba ndi za malo a kumudzi, mapepala a penshoni, mankhwala, ndi zithunzi za banja zimene zilibe zinzake. Zimenezi zipite ndi mwini wake m'chikwama cha m'manja.

Nkhani imene mabanja ambiri amailumpha ndi ya dzina lolembedwa pa mgwirizano. Kampani imamvera munthu amene anasaina, ndipo lendi ikapanda kulipidwa kwa nthawi, mgwirizano umaipatsa mphamvu yotseka chipindacho, kenaka kugulitsa katundu itatumiza machenjezo. Ngati makalata akupita ku adiresi yakale, kapena kholo lagonekedwa m'chipatala, zimenezi zikhoza kuchitika banja lisakudziwa. Lembetsani mwana mmodzi wodalirika ngati munthu wachiwiri wololedwa kulowa ndi kulandira mauthenga, perekani adiresi yatsopano, ndipo malipiro azichoka okha kubanki. Ku England ndi Wales, chikalata cha Lasting Power of Attorney cha chuma ndi katundu, cholembetsedwa ku ofesi ya boma yotchedwa Office of the Public Guardian, chimalola munthu wosankhidwa kuyendetsa zoterezi kholo likadzafooka, koma chiyenera kulembedwa mwini wake akadali woganiza bwino. Abale onse adziwitsidwe zimene zili m'chipindamo, poti makiyi akakhala ndi munthu mmodzi mwakachetechete, manong'onong'o sachedwa.

Makolo akakhazikika kwa mwezi umodzi kapena iwiri, yambani kutapa. Pitani nawo kamodzi pamwezi, mutsekule makatoni awiri kapena atatu okha, muwapatse mpando akhale pansi, ndipo musawafulumizitse akayamba kufotokoza mbiri ya chinthu. Mipando yabwino imene palibe akuifuna, bungwe lachifundo la British Heart Foundation limabwera kudzatenga kwaulere, koma sofa ndi matiresi amazilandira pokhapokha chizindikiro cha chitetezo ku moto chikadali chosokereredwa, choncho musachidule polongedza. Katundu wopita ku Malawi asonkhanitsidwe payekha kuyambira tsiku loyamba. Zipangizo zamagetsi za kuno zimagwira ntchito kumudzi popanda kusintha pulagi, koma musanasungire chinthu ulendo wa pa kontena wodzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, funsani mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA, bungwe lotolera misonkho ku Malawi, mupezenso munthu amene akachilandire. Katundu akachepa, pemphani kusamukira m'chipinda chaching'ono, ndipo pa tsiku lomaliza sesani, jambulani chipinda chopanda kanthucho, chotsani loko wanu, mulandire kalata yotsimikiza kuti mgwirizano watha ndipo ndalama ya chikole, ngati inalipo, ibwezedwa.