Mmene mungalankhulire ndi mwana kuti asatenge mimba akadali wamng'ono

Yambani mwana asanathe msinkhu, ali ndi zaka 9 kapena 10. Makolo ambiri amadikira chinamwali kapena kusiyira azakhali ndi anankungwi, koma pofika nthawi imeneyo mwana amakhala atamva kale zambiri kwa anzake, zina zabodza. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 ku Malawi anali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chokwererapo.

Musamukhazike pa mphasa ngati pali mlandu. Lankhulani muli pa ntchito, mukutongola chimanga kapena mukuchokera ku chigayo, muli awiri. Yambani ndi funso: "Anzako amati mimba imabwera bwanji?" Akayankha zolakwika, musaseke kapena kukalipa.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mawu oti "usamasewere ndi anyamata" samuuza mwana chilichonse. Nenani mosabisa kuti kugonana kamodzi kokha, ngakhale koyamba, kungabweretse mimba, komanso kuti mtsikana angatenge mimba asanaone msambo wake woyamba chifukwa dzira limatuluka msambo usanabwere. Kusamba kapena kukodza pambuyo pake sikuteteza. Kuwerenga masiku nakonso n'kosadalirika kwa mtsikana, poti msambo wake umasinthasintha ndipo umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi mpaka masiku 5. Mufotokozereni kuti chiuno chosakhwima chimavuta pobereka, ndipo mwana akakanirira nthawi yaitali osatuluka pobereka ndi pamene pamabwera fistula, vuto lodontha mkodzo kapena chimbudzi mosalekeza. Mnyamata naye amve zomwezi kuchokera kwa bambo ake kapena amalume.

Funsani za ndalama. Sopo, mafuta odzola, zovalira pa msambo ndi ya kabaza ndi zimene amuna achikulire amakolera nazo atsikana, makamaka amene akuchita lendi pafupi ndi sukulu ya sekondale. Mukagulitsa mbewu, patulani zake msanga. Akabwera ndi foni yomwe simunagule, funsani modekha kumene yachokera.

Ngati wayamba kale zogonana, ndodo singabweze kanthu. Pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala: kuli jakisoni wa miyezi 3, ya pamkono ya zaka 3 kapena 5, ndi makondomu, omwe ndi okhawo otetezanso ku HIV.

Chofunika koposa, mulonjezeni kuti akagwiriridwa kapena akalakwitsa, akuuzeni tsiku lomwelo ndipo simudzamumenya. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa pasanathe maola 72, ndipo mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa m'maola 72 omwewo n'kumwedwa masiku 28. Mwana wamantha amabisa mpaka nthawiyi itatha. Nkhani yogwiririra musaithetsere pakhomo ndi mbuzi kapena ndalama. Pitani kuchipatala ndi ku Victim Support Unit, ofesi ya polisi yothandiza ochitidwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mimba ikapezeka, musamukwatitse. Kuyambira 2017 malamulo a dziko amaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ayambe sikelo msanga, ndipo inu kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu komanso amayi a Mother Group kuti malo ake asungidwe, chifukwa kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka.