Momwe mungapangire buku la maulendo ndi zosangalatsa za chaka chonse

Pofika Disembala, foni imakhala itadzaza zithunzi zambirimbiri: za kunyanja, za ku mpira, za ku ukwati, zina za malisiti ndi mauthenga oseketsa a m'magulu. Zikangokhala choncho, foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, chaka chonse chapita. Ntchito yoziika m'buku imafuna masiku awiri kapena atatu, hadikava imodzi ya A4, guluu wouma wa mapepala, cholembera ndi fulashi kapena memori khadi.

Musayambe ndi zithunzi. Yambani ndi pepala, mulembe zomwe zinachitika ndi masiku ake, chifukwa mutu umasunga bwino za Okutobala ndi Novembala koma za Febuluwale umataya. Mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba amathandiza kwambiri pano: tsiku lomwe munalipira malo ogona ku Cape Maclear kapena kutumizira mnzanu ya tikiti ya gemu ya Bullets ndi Wanderers lili pomwepo. M'magulu a WhatsApp fufuzani mawu ngati "tanyamuka", "basi", "tafika". Amene mumamvera nyimbo pa Spotify mumalandira Wrapped, mndandanda wa nyimbo zomwe munamvera kwambiri m'chakacho, chakumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo YouTube Music ili ndi yake yotchedwa Recap. Zijambuleni pa sikirini tsiku lomwelo, sizikhalitsa. Koma musazikhulupirire kwambiri. Zimawerenga zomwe zinaimbidwa pa pulogalamuyo basi. Nyimbo ya pa wailesi, ya m'minibasi ndi ya kwaya ya kutchalitchi sizimaidziwa, ndipo ngati foni mumabwerekana ndi ana, mndandandawo ndi wa ana.

Pa zomwe mwalembazo sankhani zochitika zisanu ndi zitatu kapena khumi. Musagawe mwezi ndi mwezi. Miyezi ina palibe chinachitika, ndipo mukaikakamiza mudzamata zithunzi zopanda nkhani. Ulendo wokwera Mulanje kuchokera ku Likhubula ungatenge masamba anayi wokha, Kulamba ku Mkaika awiri, pomwe gemu ya bawo ya Loweruka lililonse ikwana tsamba limodzi. Chochitika chilichonse chikhale ndi zithunzi zosapitirira zisanu ndi chimodzi, zonse pamodzi zisadutse 60. Pa zisanu ndi chimodzizo, chimodzi chionetse malo, chimodzi anthu onse, zotsalazo zomwe munkachita. Zithunzi za nkhope yokha zojambula wekha n'zabwino pa status, koma pakapita zaka sizinena kuti munali kuti.

Tsopano pa nkhani ya zithunzi zenizenizo, apa ndi pamene ambiri amaluza ndalama. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa kuti chisadye bandulo, ndipo tsiku lomwe chinajambulidwa limafufutika. Mungachizindikire pa dzina lake: cha kamera ya foni zambiri za Android chimakhala ndi tsiku ndi nthawi yojambulira, pomwe chobwera pa WhatsApp chimaoneka ngati IMG-20250814-WA0012. Tsiku lili pamenepolo ndi lomwe chinafika pa foni yanu, osati lomwe chinajambulidwa. Chikadutsa m'manja atatu kapena anayi, ena n'kuchijambulanso pa sikirini, pa foni chimaonekabe bwino koma pa pepala nkhope zimatuluka zosamveka. Choncho pemphani amene anajambula akutumizireni ngati Document, osati ngati chithunzi wamba, kapena mukumane mutumizirane pa Bluetooth kapena pa chingwe. Chithunzi chimodzi chosafinyidwa chimakhala cha 3 MB mpaka 5 MB, ndiye 60 zingafike 300 MB. Ngati bandulo ndi yochepa, kukumana n'kotchipa.

Saizi yomwe masitudiyo ambiri amatsuka ndi 10 cm kwa 15 cm. Kuti chituluke chakuthwa, chithunzi chikhale ndi ma pixel 1,200 kwa 1,800 kapena kuposa. Mukatsegula pa Details mudzaona manambalawa. Chochepera 800 kwa 1,200 chitsukitseni chaching'ono kapena chisiyeni. Palinso vuto lina lomwe anthu amakangana nalo ndi a situdiyo pachabe. Poyerekeza mulitali ndi mulifupi, kamera ya foni imajambula 4:3 pomwe pepala lija ndi 3:2, ndiye makina amadula m'mphepete kuti chikwane. Pa chithunzi cha gulu, amene anaima kumapeto kapena wamtali kwambiri amatuluka wopanda theka la mutu. Dulani nokha pa foni musanapite, posankha 3:2, kuti muone chomwe chitayike. Chikakana, auzeni atsuke chonse asiye mpata woyera m'mbali. Ndipo musapereke zonse 60 nthawi imodzi. Tsukitsani zitatu kaye, chimodzi chikhale cha usiku kapena cha m'holo, chifukwa sikirini imadziwalitsa yokha pomwe pepala siliwala, ndiye zithunzi za mdima zimatuluka zakuda kuposa momwe mumaziwonera. Zikatero, onjezani kuwala pang'ono pa zotsalazo.

Pomata, tsamba la A4 limalandira zithunzi ziwiri zogona, n'kutsala mpata wolembapo. Matani ku tsamba la kumanja kokha, la kumanzere likhale la mawu. Zithunzi zikayang'anizana zimamatirirana nthawi ya dzinja ndipo pozilekanitsa zimasendeka. Guluu wamadzi amakwinyitsa pepala, selotepi imasanduka yachikasu n'kusiya banga. Guluu wouma uja pakani m'makona anayi ndi kadontho pakati, tsekani buku, ikani cholemera pamwamba usiku wonse. Popeza zithunzi zimanenepetsa buku, dulani tsamba limodzi pa atatu alionse, kusiya kachidutswa ka 1 cm kumsana kuti tsamba linzake lisathothoke. Mukapanda kutero hadikava imayasama ndipo ulusi umaduka.

Matikiti a basi, a pageti ndi malisiti ambiri amasindikizidwa pa pepala loterera lija lomwe limalembedwa ndi kutentha, osati inki. Mawu ake amazimirira pakapita miyezi, makamaka likakhala padzuwa. Lijambuleni kapena lipangitseni fotokope, mumate zonse ziwiri. Musayerekeze kulipanga lamineti: makinawo ndi otentha, pepala lonse limada bii.

Mawu olemba pansi pa chithunzi ndi amene amapatsa bukuli mtengo, ndipo ndi amene anthu amachita nawo ulesi. "Tinasangalala kwambiri" sikuuza munthu kanthu. Lembani tsiku, malo, mayina onse a anthu kuyambira kumanzere, ndi ndalama zomwe zinapita: basi inali zingati, chambo chinali zingati, wonyamula katundu paphiri munamupatsa zingati. Mitengo imasintha msanga, ndipo manambala amenewa ndi omwe adzakudabwitseni kutsogolo, komanso akuthandizani kuwerengera ulendo wa chaka chamawa. Ngati munafika pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, lembani kuti ndi mamita 3,002, munagona m'nyumba iti ya paphiri, munayenda maola angati. Za mpira, lembani zigoli ndi omwe anamwetsa. Zomwe sizinayende musazibise: basi yomwe inafera panjira, mvula yomwe inathetsa dansi. Kumbuyo kwa chithunzi musalembe ndi bolopeni, imadinda mpaka kutsogolo. Tsamba lomaliza likhale la nyimbo khumi, mafilimu ndi mabuku, chilichonse ndi chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake. Ngati bukuli ndi la banja, aliyense alembe zake ndi dzanja lake, ngakhale wa Sitandade 2.

Zithunzi zosankhidwazo ndi mavidiyo zisungeninso pawiri, m'foda yolembedwa chaka. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, koma malowo mumagawana ndi Gmail ndi Drive, ndipo vidiyo ya mphindi imodzi ingadye 100 MB kapena kuposa, ndiye kwezani zosankhidwa zokha. Kope lachiwiri likhale pa fulashi. Chenjerani ndi mafulashi ndi mamemori khadi otchipa modabwitsa: ena amalembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa, amalandira zonse osadandaula, kenako mafailo amakana kutseguka. Mukagula, idzazeni ndi mavidiyo, muichotse, muibwezeremo, mutsegule oyamba ndi omaliza. Akatseguka onse, ndiye muikhulupirire.

Bukulo lisakhale pansi kapena lotsamira khoma, chiswe ndi chinyontho zimayambira kumeneko. Liikeni m'chikontena cha pulasitiki chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija topezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo mvula ikatha, cha mu Epulo, litulutseni mulitsegule pamthunzi kwa maola angapo.