Gudumu la kumbuyo pa njinga ya katundu

Amene mukufuna kuyenda ulendo wautali pa njinga yakapalasa mutamanga katundu, kaya wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje, kaya wa ku Zalewa, ikani maso pa gudumu la kumbuyo. Kulemera kwa inuyo ndi kwa zonse zili pa kaliyala kumatsamira pamenepo. La kutsogolo silivutavuta.

Werengani masipoko. Njinga zambiri za kaunjika zimabwera ndi 32, zina 28, chifukwa anazipangira munthu wopanda mtolo. Pa katundu pafunika 36, ndipo njinga zina zachikale zija zili ndi 40 kumbuyo. Onaninso kunenepa kwake: sipoko wamba ndi wa mamilimita 2, koma alipo a 2.3 ndi a 2.6, oyenera ntchito ngati ya akabaza ndi onyamula makala. Musanagule onenepawo, yesani ngati akulowa m'mabowo a habu, chitsulo cha pakati pa gudumu pamene masipoko amakoledwa.

Komabe chimene chimathyola masipoko kwambiri ndi kukhwefuka. Sipoko wokhwefuka amagwedera nthawi iliyonse gudumu likazungulira, mpaka amatopa n'kuduka pa kagongono kake, pafupi ndi habu. Mmodzi akaduka, anzake amasenza gawo lake, limu n'kuyamba kuyenda mokhota. Nchifukwa chake gudumu latsopano lipite kaye kwa wokonza njinga wodziwa kumanga, akalikunge mofanana. Mukayendera masiku ochepa, bwererani akalionenso. Pakhomo mutha kudziyesera: finyani masipoko awiriawiri, kapena agogodeni ndi sipanala. Wolira mosiyana ndi anzake ndiye wodwalayo. Ena amangokulunga sipoko woduka pa mnzake n'kumapitirira. Ine zimenezo sindivomereza, mukungoitana ngozi.

Za limu. Wachitsulo ndi wotchipa, ndipo akapindika amawongoleka, koma mvula ikagwa mabuleki sagwira msanga. Mu Blantyre muno, ndi zitunda zathuzi, nkhani imeneyi si yamasewera. Limu wa aluminiyamu wa makoma awiri amalimba, ndipo mabuleki amamugwira bwino ngakhale atanyowa. Potsika phiri la ku Chikwawa ndi katundu, musakanikize mabuleki osalekeza: limu amatentha, chubu n'kuphulika. Imani malo angapo kuti azizire.

Saizi sankhani imene matayala ake mudzawapeza pa msika wa kumudzi, monga 26 ya njinga za m'mapiri kapena 28 ya njinga zachikale. Chenjerani, tayala la 28 x 1½ sililowa pa limu wa saizi ya 700C, ngakhale nayenso ena amamutchula 28. Pitani ndi tayala lakale kwa wogulitsa.

Popani mpweya wokwanira, chifukwa tayala lofewa likagunda dzenje, limu amaluma chubu. Katundu wolemera akhale pansi, mbali zonse mofanana, pang'ono apite kutsogolo. M'chikwama musasowe masipoko anayi a muyeso wa gudumu lanu ndi kasipanala kokungira.