Mukamapita ku polisi mu Lusaka, nyamulani cholembera ndi kabuku

Mlongo wanga anandiimbira foni lachisanu lina cha m'ma 22 awazi mawu akuchita kunjenjemera, akuti achimwene fulumirani mwana wanu uja amutenga. Mnyamata wa zaka 19, anangotuluka kukagula tokitaimu pa kantemba, galimoto ya apolisi inali ikusesa majanki mu komboni ndiye inasesa ndi iye yemwe. Ndinathamangira ku positi ya polisi ndilibe NRC (chiphaso cha dziko), ndilibe cholembera, m'thumba muli K300 yokha mtima uli m'mwamba. K300 ija ndinapatsa munthu amene ngakhale dzina sindinamufunse, iye anati "zitheka bwana, pitani mukagone", koma mwanayo anagona pa simenti mpaka lolemba masana. Zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa ndikanadziwa zimene ndikulembazi mwina akanatuluka loweruka m'mawa popanda kulipira ngakhale ngwee imodzi.

Anthu amafunsa kuti kodi apolisi amatitetezadi, tiziwakhulupirira? Ife a mu Lusaka zifukwa zokayikira tili nazo. Pa 23 Disembala 2020 anthu awiri anawomberedwa pafupi ndi likulu la polisi, mmodzi anali loya wa boma, ndipo Human Rights Commission inapeza kuti mlandu unali wa apolisi. Mu Okutobala 2018 mtsikana wophunzira pa UNZA anamwalira utsi wokhetsa misozi utaponyedwa ku mahositelo. Zimenezi sitiiwala. Koma tikumbukirenso kumayambiriro kwa 2020, nthawi ija kunamveka kuti anthu ena akupopera magasi m'nyumba za anthu usiku, pamene anthu anati basi tidziteteza tokha, anthu osalakwa anamenyedwa ena kuwotchedwa kumene chifukwa chongoti ndi nkhope yachilendo m'deralo. Ndiye kuthawa polisi si njira ayi. Chimene ndaona ine ndi chakuti ku polisi chimakuteteza ndi chimene chalembedwa m'buku, mawu apakamwa a ofisala, ngakhale wamtima wabwino, amatha shifiti yake ikatha.

Tiyambe ndi tsiku limene mwaberedwa. Ngati akuba akadali pafupi imbani 991, komanso ndi bwino kukhala ndi nambala ya positi ya kwanu mu foni chifukwa ndi imene ili pafupi, kaifunseni lero zinthu zili bwino. Pamene athyola musakonze msanga, musasese, jambulani zithunzi za loko, windo, mapazi ngati kuli matope. Kenako pitani tsiku lomwelo, osadikira mawa, mutanyamula NRC ndi chilichonse chosonyeza kuti katunduyo ndi wanu, risiti, bokosi la TV, bokosi la foni. Za foni ndikupempheni chinthu chimodzi, dinani *#06# panopa, pabwera nambala yayitali ya IMEI, ilembeni m'kabuku kunyumba, chifukwa foni ikapita nambala imeneyo ndi imene amafufuzira ndipo ambiri timakaima pa kauntala tilibe. Layini yanu katseketseni msanga kwa a netiweki, makamaka ngati muli ndalama za mobayilo mane.

Mukafika, nkhani yanu iyenera kulowa mu OB, buku lalikulu lija la pa kauntala limene amalembamo zonse zochitika. Musachoke musanaone kuti alemba. Funsani mwaulemu, "bwana, ndipatseniko nambala ya OB ndi dzina lanu", mulembe pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Akakulembani sitetimenti musasaine musanaiwerenge, ndipo ngati Chizungu chimakuvutani nenani kuti akuwerengereni m'Chinyanja, palibe manyazi pamenepo, manyazi ndi kukamva ku khoti kuti munanena zinthu zimene simunanene. Doketi, failo ya mlandu wanu, ikatsegulidwa dziwani ofisala amene wapatsidwa nkhani yanu, nambala yake ya foni, ndipo muzibwerako, sabata ndi sabata ngati n'kotheka. Ofisala mmodzi amakhala ndi madoketi mulu pa tebulo, ya munthu amene sabwera imatsikira pansi.

Kutsegula doketi sikulipiritsa. Pali zina zimene zili ndi mtengo wake, monga lipoti la polisi la zinthu zotayika limene amafuna ku banki kapena potenga chiphaso china, koma chilichonse cholipira chikhale ndi risiti ya boma. Pali nkhani ina yovuta, ija yoti "tilibe tiransipoti" kapena "galimoto ilibe fyuwelo". Sindinama, nthawi zambiri zimakhala zoona, ndinaonapo ndi maso anga galimoto ili pa miyala kuseli kwa positi matayala kulibe. Si udindo wanu kugula fyuwelo, koma ngati mwaona kuti katundu wanu apita ndipo mwasankha kuthandiza, itanani takisi mulipire dalaivala nokha, ndalama isadutse m'manja mwa ofisala, mukatero mwadziteteza inu mwamutetezanso iye.

Kolauti, kapepala kaja koitana munthu ku polisi, musakathawe ndipo musakang'ambe. Pitani m'mawa, ngati tsiku likulola pitani pakati pa sabata osati lachisanu madzulo, ndipo musapite nokha, tengani anthu awiri akuluakulu okhala ndi ma NRC awo. Ngati nkhani yake ndi ngongole yomveka bwino, munabwereka ndipo mukuvomera kuti mubweza, dziwani kuti ngongole payokha si mlandu wotsekera munthu m'selo, malo ake ndi lokolo khoti kapena Small Claims Court. Anthu ena amagwiritsa ntchito apolisi poopseza anzawo pa ngongole, ndipo ifenso tikakhala kuti ndife obwereketsa tisamachite zimenezo.

Tsopano nkhani imene inandigwetsa ine, m'bale wanu akamangidwa. Choyamba ugwireni mtima. Kukalipa pa kauntala kumangopangitsa kuti nanunso akulembereni mlandu wosokoneza. Lonjerani bwino, nenani ndinu ndani kwa womangidwayo, kenako funsani zinthu zitatu izi ndi kuzilemba: wamangidwa pa mlandu wanji, nthawi yanji, ndipo wamumanga ndani. Malamulo a dziko lino, Article 13, amati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ndiye Criminal Procedure Code pa gawo 33 imati ngati munthu wamangidwa popanda waranti ndipo sizitheka kumufikitsa ku khoti m'maola 24, mkulu wa siteshoni aunike nkhaniyo, ndipo ngati si mlandu waukulu amutulutse pa bondi, kutanthauza atasaina lonjezo loti akaonekera pa tsiku limene amuuza. Bondi ya polisi ndi yaulere. Ndibwerezenso, ndi yaulere, apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Chimene chimafunika ndi anthu omuimira, kawirikawiri awiri, okhala ndi NRC ndi malo odziwika okhala, ndipo zimathandiza kwambiri ngati ali pantchito ndipo anyamula kalata kapena chiphaso cha kuntchito. Amene amavomereza bondi ndi ofisala in chaji, osati aliyense amene mwakumana naye panja pa geti akukuuzani kuti "ndikuthandizani". Pemphani kuonana ndi mkuluyo, ngati kulibe funsani abwera nthawi yanji, mukhale pa benchi mumudikire.

Pali milandu imene bondi kulibe, monga kupha munthu, kuukira boma, ndi kuba moopseza ndi zida. Pamenepo musataye ndalama kwa munthu wolonjeza zozizwitsa, thamangirani loya. Ngati ndalama ya loya mulibe pitani ku Legal Aid Board, ndi ya boma ndipo ntchito yake ndi imeneyo. Muuzeni m'bale wanuyo, ngakhale kudzera pa kawindo ka selo, kuti pa sitetimenti ija ya woni endi koshoni, imene apolisi amalemba kwa woganiziridwa mlandu atamuchenjeza, sakakamizidwa kulankhula, atha kunena kuti ndikayankha loya wanga alipo kapena ndikayankha ku khoti, ndipo asasaine pepala limene sanalimve. Anyamata ambiri amasaina chifukwa chotopa ndi fungo la m'selo, akuganiza kuti akasaina apita kunyumba.

Onetsetsani kuti foni yake, ndalama, lamba ndi nsapato zalembedwa m'buku la katundu wa omangidwa. Mubweretsereni chakudya ndi madzi, m'maselo ambiri munthu amadya zimene abale abweretsa, ndipo akakuuzani kuti mulawe kaye nsimayo musakhumudwe, ndi mmene amachitira. Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ma ARV, a shuga, a BP, a khunyu, nenani pomwepo ndipo mubweretse ndi kadi la kuchipatala. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 18 nenani msanga ndi umboni wa zaka zake, chifukwa Children's Code Act ya 2022 imafuna kuti mwana asasakanizidwe ndi akuluakulu ndipo kholo kapena womulera adziwitsidwe. Pa milandu ing'onoing'ono akhoza kukuuzani za adimishoni ofu giluti, chindapusa cholipira pomwepo. Dziwani kuti kulipira kumeneko ndi kuvomera mlandu, ndiye ngati munthu sanalakwe ganizani kawiri, ndipo ngati mwalipira tengani risiti ya boma.

Akatuluka ali ndi mabala a kumenyedwa, jambulani tsiku lomwelo, pitani naye ku chipatala, dokotala alembe. Article 15 imaletsa kuzunza munthu, kaya walakwa kaya sanalakwe.

Kwa amayi ndi ana amene akuchitiridwa nkhanza kunyumba, musafotokoze nkhani yanu pa kauntala pamaso pa gulu ngati simukufuna, ingonenani kuti ndikufuna Victim Support Unit. Nthambi imeneyi ilipo kuchokera m'zaka za m'ma 1990 ndipo kunena zoona ndi kumene ndaonako maofisala ena ogwira ntchito ndi mtima wonse, mayi wina wapolisi ndinamuona akuchotsa chitenje chake m'chikwama kufunditsa mtsikana amene anabwera malaya atang'ambika. Adzakupatsani fomu yopita nayo ku chipatala. Ngati ndi kugwiriridwa, musasambe kaye, musachape zovala, ndipo fikani ku chipatala maola 72 asanathe kuti mulandire mankhwala oteteza ku HIV, ku UTH kuli One Stop Centre ya nkhani zomwezi. Nambala zaulere ndi 933 pa nkhanza ndi 116 pa nkhani za ana. Wina akakuuzani kuti "kakambiraneni kunyumba, ndi za m'banja", kumbukirani kuti Anti-Gender-Based Violence Act ilipo kuchokera 2011, ndipo mwana wogwiriridwa nkhani yake sithera pa mphasa ya ankhoswe.

Za pamsewu ndingonena mwachidule. Layisensi, fitinesi, rodi takisi ndi inshuwalansi zikhale bwino, mukalakwa pemphani akulembereni mlandu mulipire polandira risiti. Ya madzi ija timapereka mofulumira ndi imene imapangitsa kuti minibasi yopanda mabuleki idutse pa rodibuloko itanyamula ana athu.

Nanga wapolisi akakulakwirani mupita kuti? Yambani ndi ofisala in chaji wa siteshoni yomweyo, nthawi zina nkhani imathera pomwepo. Zikakanika kuli Police Public Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo a 2016 kuti izimva madandaulo a anthu pa apolisi, kuli Human Rights Commission pa nkhani za kumenyedwa ndi kusungidwa m'selo masiku ambiri, ndipo za ziphuphu ndi za Anti-Corruption Commission. Konseko adzakufunsani zomwezo, linali liti, nthawi yanji, kuti, dzina kapena nambala ya ofisala, mboni ndani. Zimayenda pang'onopang'ono, osayembekezera yankho la mawa, koma dandaulo lolembedwa limakhala mu failo ndipo la munthu wachiwiri ndi wachitatu likafika pa dzina lomwelo zimayamba kulemera. Lembani kalata ziwiri zofanana, imodzi akudindireni mubwerere nayo.

Chaka chatha mwana wa aneba anga anatengedwa chimodzimodzi, lachisanu usiku. Amake anagogoda kwathu akulira, ndinawauza kuti amayi, pezani NRC yanu, ine ndidzutsa abusa a mpingo wathu. Pa 07 awazi loweruka tinali pa benchi atatu ndi kabuku kanga ndi fulasiki ya tiyi. Wina anatiyandikira panja kunena kuti K500 ithetsa zonse, ndinamuyankha kuti zikomo bwana tidikira ofisala in chaji. Mkuluyo anafika cha m'ma 10, anatimvera, anatsegula OB, anaitanitsa mnyamatayo, anafunsa mafunso angapo, abusa ndi ine tinasaina fomu ya bondi. Pa 11:20 mnyamatayo anali panja akumanga zingwe za nsapato zake, amake atamugwira phewa, ndipo tinamulembera m'kabuku tsiku loti akaonekerenso ku siteshoni, lachitatu pa 09 awazi.