Phunziro loyamba la ukhondo: apatseni mlandu aweruze okha

Inu aphunzitsi ndi otsogolera magulu a anthu akuluakulu, ambiri mwa inu mumatsegula phunziro loyamba la zaumoyo polemba malamulo pabolodi: sambani m'manja, wiritsani madzi, gwiritsani ntchito chimbudzi. Malamulowa ndi oona, koma ophunzira anawamva kalekale. Amangogwedeza mitu mwaulemu maso ali kukhomo. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lina bambo wina anandifunsa kuti nanga agogo ake amene sankawiritsa madzi anakalamba bwanji. Ndinachita chibwibwi, phunziro n'kuthera pompo.

Chimene ndikukulangizani n'chakuti malamulo muyambe mwawasunga. Apatseni ophunzira mlandu woti aweruze, ndipo mlandu umene sunandigwiritsepo mwala ndi wa kolera ya ku London m'chaka cha 1854.

Jambulani pansi kapena papepala lalikulu misewu ingapo yopingasana, muikepo zizindikiro za mijigo isanu. M'thumba mukhale timiyala tambiri. Fotokozani kuti kumapeto kwa Ogasiti chaka chimenecho kolera inabuka m'dera la Soho, ndipo m'masiku 10 okha inapha anthu oposa 500. Madokotala ambiri a nthawiyo ankati matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. Mukatero yambani kuika timiyala, kamodzi kuimira maliro amodzi, tambiri tiunjikane mozungulira mjigo wa mumsewu wa Broad Street, kwinako tingomwazikana apo ndi apo. Afunseni zimene akuona, inu n'kutseka pakamwa. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amalephera. Pakangoti zii pang'ono, amadziyankha okha. Pirirani, wina anena ndithu kuti vuto lili pamjigo.

Akanena, musafulumire kuvomera. Asokonezeni ndi mfundo zitatu, imodzi imodzi. Mumsewu womwewo munali fakitale yofulula mowa, ndipo mwa antchito ake palibe anafa. Chapafupi panali nyumba yosungiramo anthu osauka oposa 500, koma anafa ndi asanu okha. Pomwe ku Hampstead, kutali ndi Soho, mayi wina wamasiye anamwalira ndi kolera ngakhale kudera kwawoko kunalibe mliri. Asiyeni akangane. Ena adzati mowa ndi mankhwala, anthu n'kuseka. Asiyeni aseke, kuseka kumamasula amanyazi. Kenako ululani: a kufakitale ankapatsidwa mowa ndiponso anali ndi chitsime chawochawo, nyumba ya osauka inalinso ndi chitsime chake, pomwe mayi uja ankatumiza ngolo kukam'tengera madzi a pa Broad Street chifukwa ankawakonda kakomedwe kake. Nkhani ya mayiyu imagwira mtima kuposa zonse, poti imagwetsa chikhulupiriro choti madzi oyera m'maso ndi okoma pakamwa ndiye abwino.

Tsopano m'tchuleni dokotala amene anafufuza zonsezi khomo ndi khomo, John Snow. Anakaonekera kwa akuluakulu a deralo, ndipo pa 8 Seputembala chogwirira cha mjigo chinachotsedwa. Koma musakometse mbiri. Mliri unali utayamba kale kuchepa, mwa zina chifukwa anthu ambiri anali atathawa, ndipo akuluakuluwo sanakhutire kwenikweni, moti patapita nthawi chogwirira chija anachibwezeretsa. Amene anapeza gwero anali m'busa wa m'deralo, Henry Whitehead, yemwe poyamba ankatsutsa Snow. Poti mabanja ankawadziwa, anatulukira kuti panyumba nambala 40 panadwala khanda, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa lomwe linali pafupifupi mita imodzi kuchokera pachitsime cha mjigowo. Kachilombo koyambitsa kolera kanadzadziwika bwino patatha zaka pafupifupi 30, pa ntchito ya wasayansi wa ku Germany, Robert Koch. Funsani gulu kuti n'chifukwa chiyani m'busa anamva zimene dokotala sanamve. Yankho lawo likuphunzitsani inuyo za mmene uthenga wa zaumoyo umayendera pakati pa anthu.

Gawo lachiwiri ndi lalifupi. Fufutani London, ophunzira ajambule dera lawo: potunga madzi, zimbudzi, potaya zinyalala, ndi kumene madzi a mvula amalowera. Apa lamulo loti chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ndiponso chakumunsi kwake, lilowa lokha, ndipo nthawi zambiri amalifunsa ndi iwowo. Chenjezo limodzi: pamapu awa musalole kuika kamwala pakhomo la munthu amene anadwala kapena kutchula banja. Mukatero phunziro lisanduka bwalo la milandu, ndipo sabata yamawa mipando ikhala yopanda anthu.

Tsekani ndi luso limodzi lokha loti aliyense achite ndi manja ake. Ine ndimasankha madzi obwezeretsa mphamvu kwa wotsegula m'mimba, a nthawi imene paketi ya ORS (ufa wosungunula m'madzi wa ntchito yomweyi) palibe: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Supuni ikhale yosalaza pamwamba, osati yotumphuka, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Aliyense ayeze, asakanize, alawe. Madziwo asamawawe mchere kuposa misozi. Anenetseni kuti madziwa ndi oti wodwala azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala, si olowa m'malo mwa chipatala.

Pokumana ulendo wotsatira musayambe ndi mutu watsopano. Perekani thumba la timiyala lija kwa wophunzira mmodzi, makamaka amene anali chete tsiku loyamba, ayale yekha mapu a Broad Street ndi kuwafotokozera amene anajomba.