Momwe mungagumulire nyumba yakale osawononga njerwa ndi malata

Madzi a m'nyanja atakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ku Senga Bay, komanso mitsinje itasefukira ku Dwangwa chaka chomwecho, nyumba zong'aluka zinachuluka kuno kunyanja. Palinso zina zomwe zinalowa m'malire a msewu wa M5. Ntchito yogumula ilipo ndithu, koma kuitanitsa chikatapila kuchokera ku Lilongwe chifukwa cha nyumba ya zipinda zitatu n'kutaya ndalama. Makinawo amaphwanya zonse, pamene phindu la ntchitoyi lili pa zomwe mwapulumutsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malata, simenti ndi zitsulo zinakwera moti felemu yakale ya windo sigona pabwalo sabata osapeza woigula.

Musanakhudze khoma, pitani ku khonsolo ya Salima kapena ya Nkhotakota mukafunse ngati pakufunika chilolezo, makamaka nyumba ikakhala pa tauni. Ikakhala yamasiye, banja lonse ligwirizane kaye ndipo amfumu adziwe. Ku Nkhotakota kulinso nyumba zakale za nthawi ya a Jumbe ndi amishoni. Zotere funsani kaye a nthambi ya boma yosunga zinthu zamakedzana. Kenako a ESCOM adzadule magetsi, a Central Region Water Board adzachotse mita. Musalole mnyamata wa pamudzi akwere pa polo ati amadziwa zamagetsi.

Pamene anthu ambiri amalirira m'pamgwirizano ndi mmisiri. Njira zilipo ziwiri: mumulipira ndalama katundu yense n'kukhala wanu, kapena agumula ulere n'kutenga katundu. Sankhani imodzi, mulembe papepala, pakhale mboni. Yachiwiri imaoneka yokoma m'thumba mukauma, koma ine ndinaona ku Chipoka mmisiri atazula malata, mapaso ndi zitseko tsiku limodzi, osabweranso. Mwini nyumba anatsala ndi makoma opanda denga, mvula n'kumalizitsa. Ngati mwasankha njira imeneyi, katundu asachoke pamalo mpaka khoma lomaliza litagwa. Mukalipira ndalama, lipirani pang'onopang'ono molingana ndi pomwe ntchito yafika.

Kugumula kumayambira m'kati. Chotsani magalasi, zitseko, mawaya, masinki ndi mapaipi, mutsekere penapake. Mukatero mukwere padenga. Malata azulidwe mmamawa kusanayambe kuwomba, chifukwa mwera wa mu Juni ndi Julayi umatha kukulandani lata m'manja n'kukacheka munthu pansi. Pozula msomali ikani kathabwa pansi pa hamala kuti lata lisapindike. Lata lopindika ogula amaligwetsa mtengo pomwepo. Mapaso agogodeni kaye musanawapondepo. Chiswe cha kuno chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka lalunga.

Denga likakhala la asibesitosi, ngati la nyumba zina zakale za boma, musaliswe, musalicheke. Fumbi lake limayambitsa khansa ndi matenda a m'mapapo. Linyowetseni, litsike lathunthu, ndipo funsani a zachilengedwe ku khonsolo kokalitaya.

Tsopano khoma. Kandani pakati pa njerwa ndi msomali. Mukaona kuti anamangira dothi, mwachita mwayi: njerwa zimachoka zathunthu, mumangopala ndi chikwanje n'kusanja. Akakhala kuti anamangira simenti, zambiri zituluka zibuma, ndiye musawerengere ndalama zake. Yambani ndi gebulo (nsonga ya khoma yofika kudenga), mutsike mzere ndi mzere kuzungulira nyumba yonse. Aganyu amakonda kukumba m'munsi mwa khoma kuti ligwe kamodzi aweruke msanga. Akanizeni. Khoma lotere silisankha kogwera, ndipo njerwa zake zimasweka zonse. Ana a m'mudzi amathamangira fumbi ngati kuli gule, choncho mangani chingwe ndipo pakhale munthu wowabweza.

Ogula musawasake ntchito itatha. Auzeni amisiri omanga ndi owotcherera zitsulo a pa Kamuzu Road ku Salima kapena pa Benga sabata imodzi ntchito isanayambe, abwere adzaone katundu akadali pakhoma. Njerwa zowotcha zakale zimayenda bwino kwa omanga mipanda, mabafa ndi makhitchini, koma osati kwa makontilakita a ntchito za boma, poti malamulo a 2018 anawaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni. Zitsulo za mu lintala ndi misomali yopindika zimagulidwa pa sikelo; imani pomwepo akamayeza. Zibuma gulitsani kwa othira fandeshoni, zotsala mukwirire dzenje la chimbudzi chakale lisanameze mwana kapena mbuzi ya aneba.