Zoyenera kuchita ululu wa endometriosis ukafika povuta

Cham'mimba chimene chimakugonetsani pansi mwezi ndi mwezi mpaka kujomba kuntchito kapena kusukulu si chongopirira ayi. Chikhoza kukhala endometriosis, matenda amene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, monga pamatumba a mazira, pamatumbo kapena pachikhodzodzo. Nthawi ya msambo minofuyi imatupa n'kutuluka magazi osowa kotulukira, ndipo zipsera zake zimatha kumatiriza ziwalo pamodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti amayi ndi atsikana pafupifupi 190 miliyoni ali ndi matendawa, mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka.

Yambani ndi kabuku. Kwa miyezi iwiri kapena itatu lembani tsiku limene ululu wayamba, pamene pakupweteka, ndi kukula kwake kuyambira 1 mpaka 10. Lembaninso zochititsa manyazi zija: kupweteka pochita chimbudzi, pokodza, kapena pokhala malo amodzi ndi amuna anu. Musazisiye, chifukwa n'zimene zimamutsegula maso dokotala. Amayi ambiri amatha zaka akuuzidwa kuti "ndi mmene umakhalira msambo", ndipo zimandipweteka mtima kuti ena amafika pokhulupirira.

Mukatero, pitani nako kabukuko kuchipatala ndipo pemphani kuonana ndi dokotala wa matenda a amayi. Sikani ikapanda kuonetsa kanthu musabwerere m'mbuyo, timinofu ting'onoting'ono sitioneka nthawi zonse. Nthawi zina pamafunika opaleshoni yolowetsa kakamera kudzera pakabowo kapafupi ndi mchombo.

Za mankhwala opha ululu, chachikulu ndi nthawi. Ibuprofen kapena naproxen amagwira bwino mukamwa ululu ukungoyamba, osati mutapindika kale pabedi. Imwani mutadya. Ngati muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera, funsani kaye. Paracetamol asapitirire magalamu 4 patsiku kwa munthu wamkulu. Botolo la madzi otentha lokulunga m'kansalu, loika pachinena kapena kumsana, limapepuzako ndithu.

Kenako kambiranani za mankhwala a mahomoni. Mapiritsi olera, jakisoni, kachipangizo kapamkono ndi lupu ya mahomoni zimatha kuchepetsa kapena kuimitsa msambo, ndipo ululu umatha kutsika nawo. Njira ina ikakukanani, yesani ina. Ngati mukufuna mwana, nenani poyambirira, chifukwa matendawa amavutitsa ena kutenga pakati ndipo chithandizo chake chimasintha.

Opaleshoni yochotsa minofuyi imathandiza ambiri, koma matendawa amatha kubwerera. Mankhwala owathetseratu sanapezeke. Kubereka sikuwachiza, ngakhale mumamva kuti "zidzatha ukadzachembeza", ndipo kuchotsa chiberekero sikuthetsa ululu kwa aliyense. Musavomere opaleshoni yaikulu chonchi musanafunse mafunso onse amene muli nawo.

Masiku amene muli bwinoko yendani pang'ono, dziwongoleni, gonani mokwanira. Auzeni apabanja panu ndi abwana anu masiku amene mumavutika kuti ntchito zolemera azigawana. Mtima ukayamba kulema, uzaninso dokotala, ululu wosatha umafooketsa maganizo.

Koma ululu ukabwera mwadzidzidzi mosiyana ndi wamasiku onse, mukakomoka, thupi likatentha, magazi akamatuluka kwambiri, kapena mwadumphitsa msambo ndipo mbali imodzi ikubaya, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala, chifukwa chingakhale chotupa chophulika kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero.